Diso Lakumanzere la Abwana

Abwana athu a pakampani yosindikiza mabuku sanali munthu wolira. Tsiku limene makina anawatema chala anangoti, "Pukutani magaziwo, akudetsa mapepala." Ndiye Lolemba lina atalowa mu ofesi misozi ili chuchuchu, tonse tinangoti kakasi.

Ine ndine mlembi wawo. Nditawapititsira makalata, ndinafunsa mwamantha, "Bwana, kwagwanji?"

"Palibe. Ndiitanireni dalaivala."

Dalaivala atangoona nkhope yonyowayo, anagwada pakhomo pomwepo.

"Bwana, ndikhululukireni! Mbuzi zija zinali ziwiri zokha, ndipo mpando wakumbuyo ndinautsuka ndi sopo."

"Mbuzi zitizo?" anafunsa abwana, msozi wina ukutsetsereka patsaya. Iwo ankangofuna kumutuma kuti akatenge inki.

Nkhani inafala kampani yonse: abwana adziwa zonse, ndipo zawapweteka mtima mpaka kulira. Anthu anayamba kulowa mmodzimmodzi. Mlonda anaulula kuti ali ndi mphasa kuseri kwa mulu wa mapepala. Woyendetsa makina anabweza ambulera ya abwana imene inasowa dzinja latha. Inenso pakamwa panayamba kundiyabwa, poti azakhali anga amodzimodziwo ndinali nditawalira maliro kawiri kuti ndipeze tchuthi, chonsecho ali moyo ndipo akugulitsa tomato.

Chakumasana amayi okolopa analowa ndi ndowa yawo. Ndi munthu wamkulu, saopa aliyense. Anawayang'ana abwana kwakanthawi, kenako anatula ndowayo.

"Bwana, tayang'anani kudenga."

"Mayi, ndili pa ntchito."

"Tayang'anani, inu. Likulira ndi diso lakumanzere lokha. Chisoni chinayamba liti kusankha diso?"

Anasamba m'manja, anawagwira chibwano ngati mwana wokana mankhwala, n'kukokera chikope pansi.

"Si aka! Kansidze kathothoka n'kubisala m'katimu. Mukamatikita ndiye mukukakankhira kutali."

Anakakola ndi nsonga ya kampango koyera n'kukaika pa tebulo. Kanthu kochepetsetsa. Abwana anaphethiraphethira, ndipo misozi inaleka.

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Koma musauze munthu. Nanunso alembi, pakamwa potseka."

"Chifukwa chiyani, bwana?" ndinafunsa.

"Wosunga makiyi a nyumba ya katundu sanalowebe."

Anaviika chala m'kapu ya madzi, n'kudonthezera patsaya mosamala.

"Kamuitaneni."