Kamba wa Wotsala

Bushira anakoka kreti ya zakumwa n'kuiika pakati pa golosale, kenako anaipukuta ndi nsonga ya mpango wake. Dzuwa linali litapendeka ndipo msika wa Mitundu unali utayamba kuzizira. Amayi a tomato ankatsitsa mitengo mokuwa, akabaza atatsamira njinga zawo kudikira anthu omaliza.

"Ababa, khalani apa. Lero ndinu ahedi a sukulu ya ku Mangalande."

Che Khalidi, bambo ake, anaseka mpaka ndevu kugwedera. "Ahedi onunkha sopo ndi usipa? Kaya, mwina kumeneko aliko otero." Anatuluka kuseri kwa kauntala, dzanja likutsata m'mphepete mwa thabwa, n'kukhala pa kretipo ngati munthu wofunika kwambiri.

Nkhani yake inali yotere. Bushira anali atangomaliza maphunziro a uphunzitsi wa masamu, ndipo monga anzake ambiri, anali pakhomo kudikira ntchito yosabwera. Zipora, mnzake wa ku koleji amene anatsogola kupita ku Mangalande, anamuuza kuti sukulu ina kumeneko ikusowa mphunzitsi wa masamu, ndipo imalandira ngakhale "ophunzira kunja". Mawu amenewa ankamuseketsa Bushira. Chibadwire iye ankadziwa kuti kunja ndi kumene kumachokera ndege ndi kaunjika. Sanaganizepo kuti kuli anthu ena amene kunja kwawo ndi kuno, ku fumbi la Mitundu.

Intavyu yoyamba anachitira pa foni, moonana nkhope, ndipo mafunso onse anawayankha mosajejema. Koma patapita masiku Zipora anaimba, mawu ali okwera.

"Iwe, masamu akuti umawadziwa. Koma ahedi akuti umayankha maso ali pansi ngati wabisa kanthu. Akuti nanga ana awo aja, osadziwa manyazi, ukawaimirira bwanji? Ndakuchonderera, akupatsanso mwayi. Ulendo uno uwayang'ane m'maso, gwa! Ukazyolikanso basi, yapita."

Zinamuwawa Bushira. Mwana woleredwa bwino satong'olera maso munthu wamkulu, ndipo malemu mayi ake anamuphunzitsa zimenezi ndi zala, pantchafu. Aphunzitsi ake onse ankawadziwira nsapato. Bambo ake omwe ankawadziwa bwino mapazi, manja ndi mawu, koma m'maso mwawo anali asanayang'anemo chiyambire kutha msinkhu. Ulemu umene anauphunzira ndi misozi ndi umene tsopano unkafuna kumulanda ntchito. Ndiye anaganiza zoyeserera, ndipo wamkulu woyesererapo anali mmodzi yekha pakhomopo.

Che Khalidi anatsokomola, n'kukweza mapewa. "Eee, mayi. Tatiuzani, n'chifukwa chiyani tilembe ntchito inuyo, osati mbuzi ya a Yakobe imene imadziwanso kuchotsera? Dzulo yachotsera kabichi pa benchi ya eni ake."

"Ababa, chonde, musandiseketse."

"Kuno kulibe ababa. Yankhani."

Bushira anakoka mpweya. Anayambira pa nsapato, monga mwa nthawi zonse, n'kukwera ndi mkanjo woyera mpaka pa ndevu. Khosi linalemera ngati wasenza mtolo wa nkhuni za ku Dzalanyama. Anadzikakamiza, napitirira mphuno, n'kufika m'maso.

Pakati pa diso, pamene payenera kuda bii, panali potuwa mbuu, ngati madzi otsukira mpunga. Maso onse awiri anali choncho. Ndiponso sankayang'ana iye. Ankayang'ana pambali pang'ono, pa shelefu ya machesi, pamene iye anaima poyamba asanasunthe. Misozi inatsika pamasaya pake poyera, koma ahedi aja anapitiriza kumwetulira, kudikira yankho.

Zinthu zimene ankaziona osazimvetsa zinabwera zonse pamodzi. Njinga imene bambo ake anaipachika ponena kuti mawondo akuvuta. Tsiku lija anapatsa munthu mchere m'malo mwa shuga, n'kuzisandutsa nthabwala. Chizolowezi chatsopano chouza ogula kuti, "Lowani mutenge nokha, pano ndi panu." Ndi Kurani imene ankawerenga m'mawa uliwonse mokweza, tsamba osalitembenuza.

"Ababa," anatero, "mpango ndavalawu ndi wamtundu wanji?"

"Wobiriwira uja. Umakukhala bwino."

Mpango wobiriwirawo unali pachingwe kuseri kwa nyumba. Umene anavala unali wofiira.

Chete amene anatsatira anawauza Che Khalidi kuti agwidwa. Mapewa aja anatsika, uhedi wonse n'kutha. "Ndi ng'ala, mwanawe. Inayamba uli ku koleji. Ndimaona ngati m'mawa wa mu Juni, nkhungu yokhayokha, anthu ngati zitsa zoyenda."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikananena ukanatani?"

"Ndikanakhala, ndizikusamalani."

"Eya. N'chifukwa chake."

Bushira anagwada pasimenti n'kugwira manja aja amene ankawadziwa bwino. Anali ndi chisoni, komanso manyazi aakulu, kuti munthu angakhale nyumba imodzi ndi bambo ake, kuwaphikira, kuwachapira, osadziwa kuti kuwala kukuwathera. Mchimwene wake Ishaq anali ku Joni, ndipo ankaimba foni mwa apo ndi apo. Pakhomopo panalibenso wina.

"Sindipita," anatero. "Ndimuuza Zipora awauze."

"Upita. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

"Nanga ng'ona yosaona amaisiyira ndani? Tiyeni ku Nkhoma, ababa. Kumeneko amapala ng'ala, anthu amabwerako akulowetsa okha ulusi pa singano."

Che Khalidi anachotsa manja awo. Chimwalirire mkazi wawo m'chipatala, fungo la mankhwala lokha linkawachititsa mantha. "Diso si mbatata yoti munthu azipala ndi mpeni. Kankhungu kanga komweka kakundikwanira."

Masiku otsatira m'nyumbamo munali zii. Aliyense anaumirira pake, ndipo poti anali magazi amodzi, panalibe wofuna kugonja. Bushira ankayala katundu m'mashelefu mwaukali, bambo ake ankayimba nyimbo zapansipansi ngati palibe chachitika. Tsiku la intavyu linkayandikira, Zipora akutumiza mauthenga osayankhidwa.

Lachisanu masana Bushira anaima pakhomo la golosale n'kuona bambo ake akuchokera ku mzikiti. Kale akanatsitsa maso, koma tsopano anali atayamba kuyang'ana. Anawaona akuyenda m'mphepete mwa msewu, phazi likufufuza pansi lisanaponde, akupereka moni mokweza kwa aliyense kuti amuzindikire poyankha. Njinga yamoto inawadutsa pafupi kwambiri moti mkanjo unauluka. Iwo anaima, n'kuseka okha, koma panapita nthawi asanaponyenso phazi.

Atalowa anakhala pa kreti ija osauzidwa.

"Bushira, ine ndine wamalonda. Tiye tigwirizane ngati anthu a pamsika. Iwe ukuopa kuyang'ana munthu m'maso. Ine ndikuopa munthu kundiyang'ana m'maso. Amantha awiri m'nyumba imodzi achuluka. Iwe ukamuyang'ane mzungu wakoyo, ine dokotala akandiyang'ane. Koma akakutenga, upita. Pamenepo sindichotsera."

"Nanga maso akakanika?"

"Zimenezo ndi za Mulungu. Ukufuna ugule ndi mawa lomwe?"

Anatseka golosale, n'kukwera minibasi mpaka pa mphambano ya Bunda, kenako ina yolowera ku Nathenje. Kumeneko kunali azakhali ake a Bushira, a Mwanjuma, amene ankagulitsa zitenje m'mbali mwa msewu waukulu. Atamva nkhaniyo anawomba m'manja ndi mkwiyo.

"Achimwene, zoona? Nthawi yonseyi mumandiyamikira kuti ndanenepa, chikhalirecho simukundiona n'komwe? Pakadafunda padajiwitsa galu. Mawa m'mawa tonse ku Nkhoma, ndipo mukatuluka mukhala kuno mpaka muchire. Ndatha ine."

Intavyu inali ya madzulo a tsiku lomwelo, ndipo inachitikira m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, foni itatsamira pa mulu wa zitenje. Pagalasi panaoneka ahedi aja, mayi wa imvi, wa maso akuthwa, msinkhu wa azakhali ake. Khosi la Bushira linayamba kuwerama lokha. Kunja anamva bambo ake akutsokomola chitsokomolo chija cha uhedi, ndipo anadzutsa mutu.

Anafotokoza yekha, asanafunsidwe, kuti kwawo kutsitsa maso ndi ulemu, si mantha kapena bodza. Mayi uja anagwedeza mutu, ngati munthu amene wauzidwa chinthu chimene sanachiganizirepo. Anakambirana za masamu, za ana osamva, za kuzizira. Kumapeto anafunsa kuti, "Mwana akakuuza kuti wamva pamene sanamve, udzadziwa bwanji?"

Bushira sanafunike kuganiza. "Wovutika kwambiri nthawi zina ndi amene amaseketsa anzake, kuti asamufunse. Amaloweza njira, amayankha mokweza, ndipo amabisa chifukwa safuna kulemetsa munthu. Sindidzangomvera mawu ake. Ndidzamuyang'ana, modekha, mpaka ndione. Kwathu timati kuona maso a nkhono n'kudekha." Anamasulira mwambiwo m'Chingerezi mmene akanathera, ndipo maso ake sanatsike mpaka foni inazima.

Ku Nkhoma madokotala anati ayamba ndi diso limodzi, linalo lidzatsatira likapola loyambalo. Che Khalidi analowa m'chipinda cha opaleshoni akutchula dzina la Mulungu, atagwira dzanja la namwino ngati mwana wopita ku sikelo. Bushira anatsala pabenchi panja. Ali pomwepo foni inalira, ndipo anali Zipora, akukuwa ndi chimwemwe. Ahedi avomera, sukulu imuimbira yokha kuti akonze za ulendo. Bushira anathokoza, n'kuika foni m'chikwama. Sanauze ngakhale azakhali ake.

M'mawa mwake namwino anabwera kudzamatula bandeji. Anachotsa pang'onopang'ono, n'kupukuta chikope ndi thonje. Che Khalidi anaphethira kangapo, misozi ikutuluka chifukwa cha kuwala. Anatembenukira ku windo.

"Kodi phirili linali pompano nthawi yonseyi?"

A Mwanjuma analulutira, odwala ena m'chipindamo n'kuseka. Che Khalidi anayang'ana mlongo wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iii, achemwali, ndinkanama. Mwaonda."

Bushira anali atagwada pambali pa bedi, ndipo thupi linali litabwerera ku chizolowezi chake, maso ali pa simenti.

"Mayi," anatero bambo ake ndi mawu aja a pa kreti, "ahedi akuti dzutsani mutu."

Anadzutsa. Diso limodzi linali likadali mbuu, koma linalo linali lakuda, lonyowa, lofiira m'mbali, ndipo linkayang'ana iye, osati pambali pake. Linayenda pamphumi, pamasaya, pachibwano, mosafulumira.

"Pomaliza kukuona bwinobwino unkapita ku koleji, chikwama chikukuposa," anatero motsitsa. "Lero ndikuona mayi ako. Palibe anandiuza." Kenako anamwetulira. "Akutenga, eti?"

"Mwadziwa bwanji, ababa?"

"Zili pankhope ponsepa. Kani n'chifukwa chake ana mumazyolika pamaso pa akulu, akathyali inu."

"Ndikhoza kuwauza kuti ndasintha maganizo. Diso linalo likadali..."

"Linalo aliperekeza azakhali akowa, ndi pakamwa pawo pomwepo. Malonda tinatsiriza, Bushira. Katundu wogulidwa sabwezedwa."

Misozi inamugonjetsa, ndipo anayamba kuweramitsa mutu kuti aibise. Dzanja la bambo ake linamugwira chibwano, mofatsa, n'kuchikweza.

"Dikira kaye. Woyenda amamulongedzera kamba wa panjira, ndipo azakhali ako akukazingira mtedza wodzaza chikwama. Nanga wotsala amadya chiyani? Ndisiye ndikuyang'ane, ndisunge wanga."

Namwino anali ataima pambali ndi kabotolo ka mankhwala odontheza m'maso. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti nthawi yakwana, koma anatsekanso, n'kuyamba ndi wodwala wa bedi linalo. Bushira anakhalabe chogwada, kuwala kwa pa windo kuli pankhope pake, ndipo sanaphethire.