Mlenje wa Emmanuel

Raphael Mbewe, wometa tsitsi pamsika wa Katete, anayamba kuyendetsa masewerawa ali ku sekondale ku Sinda. Iye ndi anzake anawaphunzitsa ndi mphunzitsi wa masamu: munthu mmodzi amafotokoza dziko longopeka, enawo aliyense amasankha munthu woti akhale m'dzikomo, ndipo dayisi ndiyo imagamula ngati zimene wayesa zatheka. Anzawo ankawaseka kuti akuchita masanje ndevu zili m'kumera.

Poyamba ankakumana kuseri kwa kalasi, dayisi yake yosema okha. Kenako kunabwera timashopu ta magemu a pa TV, anyamata awiri n'kuthawira kumeneko. Mafoni atachuluka, otsalawo anasamutsira masewerawo pa WhatsApp, poti moyo unali utawamwaza: Tiwonge ku Lusaka, Victor ku Chipata, Emmanuel ku Vubwi komwe ankagulitsa zitenje uku ndi uku kwa malire. Raphael ankalemba nkhani kasitomala akachoka, n'kuponya dayisi pashelefu pambali pa makina ometera.

Zaka zonsezo m'masewerawo Emmanuel anali mlenje, wanthabwala, wosaopa chilombo. Tsiku lina Raphael analemba kuti mlenje wafika pamtsinje wosefukira, kutsidya kukumveka mwana akulira. Atani? Yankho silinabwere. Mlungu usanathe anamva kuti njinga yamoto ya Emmanuel inawombana ndi lole pamsewu wa fumbi.

Maliro atatha, Victor anati mlenjeyo angokokoloka ndi madzi kuti nkhani ipitirire. Tiwonge anakana. Anakangana mpaka Victor anatuluka m'gulu lawo la pa WhatsApp.

Kenako Christina, mkazi wa malemuyo, anatulukira pashopu atavala zakuda, foni ya mwamuna wake ili m'manja. Anakana mpando. Anati wawerenga zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale masewerawo ankadana nawo, chifukwa Emmanuel ankasekerera foni iye akumuyankhula.

"Alamu, munthu wolankhula chonchiyu ine sindinamudziwe," anatero. "Kunyumba anali wa mawu awiri basi. Nanga inu anakupatsani bwanji mawu onsewa?"

Raphael anangoti ngati akufuna, Christina atha kumutenga mlenjeyo, amuwolotse mtsinje.

Christina anapukusa mutu. "Ine ndinkafuna amuna anga, osati mlenje."

Anafotokoza kuti foniyo akupatsa mng'ono wa malemu, ndiye nambalayo ichotsedwe m'gulu. Raphael anaichotsa mayiyo akuona. Christina anathokoza, anamangitsa chitenje chake, n'kulunjika kokwerera minibasi.

M'gulumo munatsala anthu awiri. Nthawi ndi nthawi Tiwonge ankafunsa kuti apitiriza liti, ndipo Raphael ankayankha kuti posachedwa, ntchito yachuluka. Pofika nyengo yokolola mtedza, Tiwonge anali atasiya kufunsa.