Msana wa Achimwene

Atelala a pakhonde la sitolo ya nsalu ali ndi pakamwa, ndikuuzeni. Ukawapititsira diresi yothina amayamba akufunsa kaye amene akukunenepetsa, kenako n'kutenga tepi. Miyendo yawo inafooka ali mwana, ndiye amayenda pa njinga ya olumala, ndipo makina awo ndi aja opukusa ndi dzanja. Amakhala kwa achimwene awo, mlonda wa pa ofesi ina ya boma, pamodzi ndi alamu awo ndi ana.

Pakamwa pomwepo ndi pamene panawakondetsa ndi bungwe lina loona za ufulu wa anthu aulumali. Ntchito ya bungweli ndi kuyendera maofesi a boma kukaona ngati zimene boma linalonjeza zikuchitikadi, zoti aliyense azilowa yekha, osanyamulidwa ngati thumba. Kale ankatumiza kaye uthenga kuti tikubwera, koma ankapeza desiki yatsitsidwa pansi, pakhomo posesa bwinobwino, mawa lake zonse zabwerera pamwamba. Ndiye anachenjera. Masiku ano amangotulukira ndi munthu wa pa njinga, mtsogoleri wawo akutsatira m'mbuyo. Mtsogoleriyo ndi mayi wamtali amene anthu amangomuti Achikwama, poti m'chikwama chakecho mutha kugonekamo mwana.

"Lamulo ndi limodzi," anatero Achikwama m'mawa wa tsiku limene anatenga Atelala, ali m'galimoto ya bungwe. "Akafuna kukunyamulani, mukane. Mukangovomera, iwo adzati munthu anafika, nkhani yathera pomwepo."

"Ine kunyamulidwa? Ndine mkwatibwi ngati?" anayankha Atelala, mpaka dalaivala anaseka chotsokomola.

Kumene akupita Atelala sanauzidwe, poti bungweli limaopa kuti nkhani ingatsogole. Galimoto itaima, nthabwala zinathera pomwepo. Inali ofesi ya achimwene awo, nyumba yosanjikizana, chipinda chothandizira anthu aulumali chili pamwamba penipeni.

Tsono pali zina zimene a bungwe sankadziwa. Chaka chatha alonda atachepetsedwa, achimwenewo anatsala chifukwa abwana anati ali ndi msana. Abwanawo anauza akuluakulu awo kuti ofesi yawo ili ndi dongosolo lothandizira olumala, ndipo dongosololo linali mlonda ameneyu. Koma msanawo unatha kalekale. Alamu amauthowa ndi madzi otentha tsiku ndi tsiku, chitseko chotseka kuti oyandikana nawo asamve kubuula.

"Achemwali, kwagwanji kunyumba?" anafunsa mlonda chonong'ona, atawaona pansi pa masitepe. Kenako anaona Achikwama atakweza foni kujambula masitepewo, ndipo sanafunsenso.

Abwana anatsika okha, munthu wamfupi wa tayi yofika pamchombo.

"Takulandirani, amayi. Kuno sitibweza munthu. Mlonda, ntchito yako."

Achimwene anavula chipewa n'kunjuta patsogolo pa njinga atapereka msana, monga ankachitira kale powaperekeza kusukulu mvula ikagwa. Kolala ya yunifolomuyo anaitembenuza ndi Atelala omwewo, ulusi wake unkaoneka.

"Kwerani," ananong'ona osatembenuka.

"Sindikwera. Ndabwera kudzakana."

"Mukakana adzati dongosolo lalephera. Dongosololo ndine, achemwali. Mukuganiza amanga potsetsereka pokwerera njinga mawa? Angopeza kamnyamata ka msana wabwino."

"Nanga wanuwo?"

"Msana ndi wanga. Ana aja adya ulusi?"

Atelala anayang'ana Achikwama. Mayiyo anapukusa mutu pang'onopang'ono, maso ali tong'o, kuti musayerekeze. Anthu a pamzere anali atasiya zawo, onse akuonerera. Atelala anamanga mabuleki a njinga, anakonza siketi, n'kukoleka manja m'khosi mwa achimwene awo.

Anayamba kukwera. Atelala ankamva mpweya wa achimwenewo ukulira ngati pampu yotha, thukuta likunyowetsa kolala. Pamene masitepe amakhota, mlonda anaima kuti apumeko, n'kunamizira kupereka moni kwa kalaliki wina.

"Nditsitseni," anatero Atelala m'khutu mwawo.

"Khalani chete. Ndipo mwanenepa inu. Akukunenepetsani ndani?"

Atelala anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Mayi wina pansi paja anaomba m'manja, akuti Mulungu adalitse mlonda wachifundo. Abwana nawonso anatulutsa foni yawo n'kujambula.

Pamwamba anawakhazika pa benchi ya pakhonde. Mlonda anatsamira khoma, nkhope itachita phulusa, koma akumwetulira kuti abwana aone.

"Mwaonatu, amayi," anatero abwana kwa Achikwama. "Munthu wafika."

Achikwama anawerama pafupi ndi Atelala. "Chemwali, nenani zoona, musaope munthu. Anakukakamizani?"

Abwana anali pomwepo. Achimwene anali pomwepo, akuyang'ana nsapato zawo.

"Ayi. Ndavomera ndekha."

"Ndiye ife tikalemba chiyani?"

Achikwama anatseka zipi ya chikwama mwamphamvu. Mpaka lero amauza anthu kuti telala uja ndi wolimba pakamwa pokha, akaona tayi amasungunuka. Zoti mlonda anali mlongo wake sakudziwa, ndipo Atelala anakana kuti aliyense akawauze, poti zikalowa mu lipoti abwana adzamva za msana.

Hutala ya galimoto inalira pageti. Mlonda anavala chipewa n'kutsika chammbali, atagwiritsa chitsulo cha masitepe ndi manja onse awiri. Achikwama analowa m'chipinda cha abwana kukakangana, chitseko n'kutsekeka.

Atelala anatsala okha pa benchi. Atasuzumira pansi anaona njinga yawo itakankhidwira pakona, kalaliki atasanjikapo mafayilo pampando. Madzi amene anamwa m'galimoto anali atayamba kuwavuta, koma chimbudzi chinali pansi. Anamva geti ikutsekedwa, kenako mapazi a achimwene akukhwekhwereza cha kumasitepe. Mapaziwo anaima. Atelala anapinda manja pamiyendo n'kulimba, osaitana.