M'mimba mwa Kaphulusa

Kagaluko sindinakafune ndine. Anabwera nako mwamuna wanga, m'katoni, sabata yomwe anthu anatibera zovala pachingwe. Anati kakakula kazitilondera. Ine ndinangokayang'ana: ubweya wotuwa, miyendo ngati timitengo ta machesi, mimba yotupa ngati kameza mpira. Tinakatcha Kaphulusa.

Amene anakakonda ndi mwana wathu. Mwanayu timamutchula Kabotolo, chifukwa botolo la mkaka salisiya ngakhale ali m'tulo. Poyamba ankandikakamira pamwendo kuyambira m'mawa, moti matewera ndinkachapa ali kumsana, msana n'kumachita kuyaka. Kagalu katabwera, anayamba kukhala pamkeka n'kumakakoka mchira, ine manja n'kumasuka. Phindu lake ndinalionera pamenepo, ndipo sindinafunenso kuti kachoke.

Vuto linali m'mimba. Kaphulusa kankatsekula tsiku ndi tsiku, nthawi zina n'kusanzanso. Ife timakhala nyumba ya lendi, makomo angapo, bwalo limodzi, mpopi umodzi. Eni nyumba ndi mayi wachikulire amene amadzuka tambala asanaganize n'komwe zolira. Tsiku lina m'mawa ndinamva akundiitana.

"Mayi a Kabotolo, tabwerani mudzaone maluwa amene andibzalira pakhomo."

Ndinawapeza ataima ndi mwendo umodzi, silipasi atainyamula ndi kamtengo.

"Pepani amayi, nditsuka pompano."

"Kutsuka mutsuka. Koma ine ndatopa kuyenda pabwalo langa ndikuyang'ana pansi ngati ndataya singano. Mwezi uno ukamatha zikhale zitasiya. Apo ayi, galu atuluke. Mukamukonda kwambiri mutuluke naye."

Tsiku lomwelo ndinabereka mwana, kagalu m'katoni, ulendo kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo anakagwira mimba, anakatsegula kukamwa, kenako anandifunsa chomwe kamadya.

"Zomwe tadya ifeyo," ndinatero. "Komanso bambo a mwanayu amagwira ntchito ku butchala, ndiye amabweretsa timafuta ndi timafupa totsala."

"Ndi mkaka?"

"Mwana akasiya."

Anapukusa mutu. Anakamwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, n'kundiuza kuti mimba yake ndi yosachedwa kukwiya. Kazidya mpunga wophika mpaka kufewa, nyama ya nkhuku yowiritsa yochotsa khungu, popanda mchere, popanda mafuta, ndi dzungu pang'ono. Osati mbale yodzaza kamodzi, koma pang'onopang'ono kangapo patsiku. Madzi oyera azikhala pafupi nthawi zonse. Mkaka ayi, mafupa ayi, mafuta ayi. Chimbudzi chikalimba m'pamene ndiyambe kusakaniza zakudya zina, nazonso pang'onopang'ono. Ndikaona magazi, kapena kakafooka n'kukana kumwa, ndibwerere msanga.

Madzulo nditawafotokozera bambo a Kabotolo, anaseka mpaka kutsamwa.

"Nkhuku? Galu adye nkhuku ine ndikudya nyemba?"

"Atero adokotala."

"Galu woleredwa ndi mpunga, wakuba akabwera adzamuuwa kapena adzamupatsa mpando?"

"Inu, galu munabwera naye ndinu, koma silipasi ya eni nyumba ndikutsuka ndine. Timafuta tanuto muzitisiya komweko."

Analumbira kuti sabweretsanso kanthu. Anavula epuloni ndi majombo a kuntchito n'kuzisiya pakhomo monga mwa masiku onse. Epuloniyo imabwera itauma gwa ndi magazi ndi mafuta, ndiye ndimainyika m'beseni la madzi otentha ndi sopo, n'kuisiya pakhonde kuti ndichape m'mawa. Mukaichapa yosanyika mungathe sopo yense, manja n'kusupuka.

Ndinayamba kuphika miphika iwiri. Mbaula imodzi, mwana akulira, ine ndikunyotsola nkhuku ya galu ndi zala, kuchotsa kakhungu kalikonse. Kaphulusa kankadya n'kunyambita mbale. Masana zinkaoneka ngati zikusintha, ndipo mtima unkayamba kukhala pansi. Kukacha, bwalo lonse madontho, kuyambira pakhonde pathu mpaka kumpopi. Ndinkadzuka msanga ndi ndowa ndi tsache kuti eni nyumba asaone.

China chomwe chinkandidetsa nkhawa ndi madzi. Mbale yake ndinkaitsuka n'kuthiramo madzi abwino, koma sankatsika kwenikweni. Ndinkadabwa kuti kagalu kotsekula chonchi kakukhala bwanji ndi mphamvu yothamangitsa tsache langa.

Ndinaganiza kuti wina akukadyetsa mobisa. Woyamba kumukayikira anali Kabotolo. Ndinamupezapo kamodzi akukaloza ndi botolo kukamwa, ndiye ndinayamba kumumwetsera pabedi, chitseko chotseka. Analira ngati ndamulanda dziko. Palibe chinasintha. Ndinavindikira bini ya zinyalala ndi njerwa. Ndinapempha anansi kuti asamataye zotsala pabwalo, mmodzi n'kundiyankha kuti iye sadziwa kuti masiku ano agalu ali ndi manesi. Palibe chinasintha.

Anatsala munthu mmodzi. Tsiku lina bambo a Kabotolo atangofika ndinawagwira jekete n'kuyamba kupisa m'matumba.

"Ukufuna chiyani iwe? Wasanduka wapolisi?"

"Mukukapatsa nyama."

"Ndati ndinasiya."

"Nanga bwanji mukangolowa pageti kamakuthamangirani ngati mwabwera ndi ukwati?"

"Ndimanunkhira nyama, mayi. Ngakhale agalu a mumsewu amandiperekeza. Nawonso ndimawadyetsa?"

M'matumba ndinapezamo chipeso ndi chitsekerero cha botolo. Iwo anakhala pampando n'kunena kuti mnzawo wa kuntchito ali ndi malo aakulu ndipo akufuna galu. Akangomuuza, abwera kudzatenga. Anati zatopetsa, nyumba yonse yangosanduka chipatala cha galu. Ndinawauza kuti ngati akamupatsa galuyo, azipita ndi Kabotolo ku butchala, azikamubereka akudula nyama.

Mwezi unatsala pang'ono kutha. M'mawa wina mwana anadzuka msanga kuposa masiku onse, ndiye ndinatsegula chitseko kusanayere bwino kuti nditaye madzi a matewera. Pakhonde ndinapeza Kaphulusa kataimirira ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo ili m'beseni la epuloni. Madzi aja anali atazizira, mafuta onse atayandama pamwamba n'kuundana, oyera ngati kandulo. Iko kankangonyambita, kumwa, kunyambita, mlomo wonse thovu la sopo, mchira ukugwedera. Pambali pake mbale ya madzi oyera inali yodzaza, muli tsamba.

Ndinaima ndi ndowa m'manja osadziwa woti ndimukalipire. Nkhuku yonse ija ndinkachotsa khungu ndi zala. Mwana ndinamuliza. Mwamuna ndinamupisa m'matumba. Pomwe madzulo aliwonse ine ndemwe ndinkakatengera mafuta a ng'ombe, magazi ndi sopo, n'kukaikira pamphuno pomwe kamagona.

Ndisanakatulutse n'komwe m'beseni, ndinamva mawu kumpopi.

"Mayi a Kabotolo."

Ulendo uno anali atapondamo ndi phazi lenileni, silipasi anaiwala m'nyumba.

"Basi," anatero eni nyumba, mawu ali pansipansi. "Sindidikiranso mwezi. Lero lomwe."

"Amayi, tabwerani muone kaye."

"Ndaona kale, zili kuphazi kuno."

Ndinawatengera madzi ndi sopo, ndinawatsuka phazi ndekha nditagwada, kenako ndinawaonetsa beseni lija ndi mlomo wa kagalu. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye mwakhala mukumuphikira msuzi," anatero.

"Sindimadziwa, amayi. Ndipatseni masiku ochepa. Beseni lichoka lero. Zikapanda kusiya, ndikakapereka ndekha."

"Phazi langa lipindulapo chiyani?"

Ndinayang'ana mkati. Kabotolo anali atakwawira pakhomo, akuitana kagalu ndi dzanja.

"Ndizisesa ndi kutsuka bwalo lonse m'mawa uliwonse. Mpaka kumpopi ndi kuseri kwa bafa."

"Ndi ngalande yomwe."

"Ndi ngalande yomwe."

Anavomera msanga kwambiri, moti ndinazindikira kuti ndadzigulitsa motchipa.

Bambo a Kabotolo anatuluka akuyasamula, ndipo atamva nkhani yonse nkhope inawala.

"Ndiye wodyetsa galu mobisa uja wapezeka? Tiyeni timupise m'matumba."

Sindinaseke. Ndinafinya epuloni, ndinaiika m'jumbo ili yonyowa n'kuwapatsa m'manja.

"Kuntchito kwanu kuli mpopi. Muzichapa komweko. Majombonso asamafike pakhonde pano, kamawanyambita."

"Iwe, anzanga andiseka. Aziti mkazi wanditaya."

"Muziwauza kuti mkazi ali ku ngalande."

Anang'ung'udza mpaka pageti, koma jumbo anapita nayo.

Kaphulusa sikanachire tsiku limodzi. Kanatsekulabe mawa lake, mtima wanga uli m'mwamba, ndipo kankazungulira pamalo pomwe pankakhala beseni kakulira. Kenako ludzu linakakakamiza kumwa madzi a m'mbale yake. Sabata isanathe, ndinapeza kuseri kwa bafa kanthu kolimba koti n'kutola ndi pepala. Sindinaganizepo kuti chinthu chotero chingandisangalatse. Ndinayamba kusakaniza chakudya cha agalu cha m'sitolo mu mpunga uja, kadzanja kamodzi, kenako kuwonjezera. Nditafulumira tsiku lina, mimba inakwiyanso, ndinabwerera pa mpunga ndi dzungu n'kuyambiranso. Mpaka pano mkaka ndi mafuta sikayandikira.

Za kuchotsa galu eni nyumba sanazitchulenso. Mwezi watsopano utayamba ndinapita kukawauza kuti kachira, ndiye mwina za bwalo zija tibwerere mwakale, aliyense azisesa pakhomo pake.

"Kachira?" anatero, akusenda mbatata osandiyang'ana. "Mimba ya galu simungaidziwe, mwanawe. Tiyeni tionebe kaye. Kungalande kuja mwasiyako masamba."

Ndinabwerera kukatenga tsache.