Dzenje la Kuseri kwa Mkuyu

Esinati ankasankha mpunga pakhonde, kambewu kamodzikamodzi, akutembenuza lichero uku ndi uku. Mpungawo unali utayera kale. Iye ankangozengereza, chifukwa akamaliza anayenera kunyamula khasu n'kupita kuntchito.

Inali Sabata ya Achinyamata. Tchire la kuseri kwa tchalitchi, lotsikira kudambo la nyanja ya Chilwa, anthu ankalisandutsa bwalo loti ana azisewerapo, akulu azipumulapo. Anali atalambula kale, n'kukhoma mabenchi ansungwi, n'kundandalika miyala yopaka laimu m'mbali mwa njira. Wotsogolera anali a Lameki, wapampando wa achinyamata a chipani, munthu wosaipa mtima koma wosazolowera kubwezedwa mawu. Dzulo lake analengeza kuti chatsala n'chimbudzi, ndipo dzenje lake likumbidwa kuseri kwa mkuyu, kumapeto kwa bwalo.

Chimvereni zimenezo, mayi ake a Esinati sanakhale pansi. Anasesa panyumba kawiri. Anapita kumjigo mitsuko ili yodzaza. Tsopano ankalowa n'kutuluka m'nyumba, osanyamula kanthu.

Esinati ankadziwa chifukwa chake. Chaka chomwe nyanja inauma, mayi akewo anabereka mwana wosalira. Mwana wotere, wa nthayo, amaikidwa ndi amayi okhaokha pamalo achinyontho, m'kadzenje kosaya, popanda nyimbo kapena mtanda, ndipo amuna sauzidwa malowo. M'mawa umenewo Esinati, akadali wamng'ono, anawalondola amayiwo n'kubisala m'mabango. Anaona zonse, koma sanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omwe.

Atafika kubwalo anapeza anyamata atakhoma kale zikhomo kuseri kwa mkuyu, n'kuzunguliza luzi.

"Asekondale afika," anatero Dickson, mwana wa amalume ake. "Khasu mukulikumbukabe, kapena tikubwerekeni pensulo?"

Anzake anaseka. Esinati anawerama n'kuyamba kupalira pomwe panali popalira kale.

Amayi akuluakulu ankayesetsa kuletsa ntchitoyo mozungulira. A Maliyamu, azamba a m'mudzimo, anauza a Lameki kuti dothi la pamenepo n'lofewa, chimbudzi chidzagwa mvula ikadzabwera. A Lameki anayankha kuti kufewako ndiye ubwino wake, ntchito itha msanga. Mayi wina anatchula za njoka za mumkuyu, Dickson n'kunena kuti njokazo nazonso zimafuna chitukuko. Kupitirira apo panalibe wolimba mtima. Nkhani ya nthayo sinenedwa pamaso pa amuna, komanso masiku amenewo munthu wokana ntchito ya chipani ankafunsidwa mafunso ovuta. Amayiwo anapitiriza kupalira, aliyense maso pa khasu lake.

Esinati anasiya kupalira, n'kuyambanso, n'kusiyanso. Kusukulu aphunzitsi ankamudandaula kuti yankho amakhala nalo koma mkono sakweza. Atacheuka anaona mayi ake ataima patali, pafupi ndi khoma la tchalitchi, atagwira kukamwa ndi nsonga ya chitenje.

Dickson analavulira m'manja n'kutema pansi ndi khasu. Dothi lakuda linatembenuka mosavuta. Anakwezanso khasulo.

Esinati sanadziwe kuti wadumpha liti luzi lija. Anangopezeka ataima pakati pa zikhomo, khasu la Dickson lili m'mwamba.

"Achemwali, tapatukani, tikugwira ntchito," anatero a Lameki.

Mawu a Esinati anatuluka otsika koma omveka.

"Pano musakumbe, achimwene. Pagona mwana wa mayi anga, ndipo sali pakuya."

Dickson anatsitsa khasu pang'onopang'ono. A Maliyamu anatseka maso. A Lameki anayang'ana amayi aja mmodzimmodzi, ndipo panalibe amene anatsutsa. Anavula chipewa, n'kufunsa motsitsa kuti nanga bwanji sanauzidwe dzulo lomwe.

Esinati sanasunthe.

"Akanakuuzani bwanji? Mwambo unawatseka pakamwa, inunso mukanena chinthu simufunsa. Ndikudziwa kuti ndalakwira akuluakulu, akandikalipire kunyumba. Dzenje lanu ndikumba nawo kulikonse mungaloze, ngakhale pouma. Koma pano bwezerani dothi, muikepo benchi imodzi pambali. Mayi anga akhala akudutsa pamtengo uno ngati sakuudziwa. Ndikufuna azibwera kudzakhalapo masana, anthu akuona."