A Tayi Sadziwa Kuyendetsa

Abwana atabwerako kumaphunziro awo a kuhotela, anatiitanira mu ofesi tonse ophunzitsa galimoto. Akuti wophunzira tisamamudzudzule mwachindunji: uyambe wamuyamikira, cholakwacho uchibise pakati, umalize n'kuyamikiranso. Polankhulapo maso anali pa ine. Akuti pakamwa panga pathawitsa makasitomala okwanira, wina akangodandaulanso ndiye kuti ntchito yandithera.

Ndine mayi, ndili ndi ana oti ndidyetse, choncho ndinayesa. Anandipatsa bambo ena amene tinkangowatchula kuti a Tayi, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo, tayi sankavula.

"Chiwongolero mumagwira bwino, bambo. Kungoti pagalasi simuyang'ana, buleki mumachedwa nayo. Koma mtima muli nawo."

"Akazi anganso amatero," anayankha akumwetulira. Zapakatizo sanazimve n'komwe.

Tsiku lina tikuyandikira powolokera anthu, mayi wina atabereka mwana analowa mumsewu. A Tayi n'kuti ali kalikiliki kundifotokozera za galimoto yomwe adzagule. Ndinaponda buleki ya mbali yanga mpaka chipumi chawo chinagunda chiwongolero. Mayi uja anangoti kakasi, dzanja lili pabonati.

"Bambo, simudziwa kuyendetsa," ndinatero mwaukali. "Mudzapha munthu. Kumayeso sindikutumizani."

Masana ndinawapeza mu ofesi atandineneza kale.

"Apepeseni, mayi," anatero abwana. "Ndipo muyambe ndi zabwino zawo."

"Chabwino chawo n'chakuti lero sanaphe munthu. Komanso phazi lomwe linaponda buleki linali langa."

"Mukudziwa kuti ntchito ikuthera pomwepa?"

"Ndikudziwa, bwana. Shuga wanuyo muzithira mu tiyi, osati pamsewu."

Ndinasiya makiyi patebulo n'kutuluka. Mantha ndinali nawo, sindingabise, poganiza kuti ana ndikawauza chiyani. Koma kupepesa ayi.

Patapita masiku, ndikuchokera kofunsira ntchito, ndinaiona galimoto yophunzitsira ija ikubwera. A Tayi anali pachiwongolero, mnzanga wakuntchito kuja ali pambali akuwagwedezera mutu, mano onse pamtunda. Ana asukulu n'kuti atayamba kale kuwoloka. Ndinataya chikwama, ndinathamanga n'kukaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba.

"Buleki, bambo inu! Buleki!"

Matayala analira. Galimoto inaima pafupi ndi mawondo anga, ndipo amene anaponda buleki anali a Tayi eni ake.