Laputopu ya Malemu

"Ili ndi kachilombo iyi," anatero mlamu wake, akubaya mabatani ndi chala chimodzi. "Ndikudziwa ine. Ingofunika kuipukuta yonse iyambirenso."

Mayi wamasiyeyo anali pampando wa pakona, manja ali pamiyendo. Panali patapita masiku anayi chiikireni mwamuna wake m'manda, ndipo achibale anali atafika pa gawo limene ankalidikira, logawana katundu. Nsapato zinali zitapeza kale mwini. Jekete lakuda linali paphewa pa msuweni wina amene nthawi yonse ya matenda sanaonekeko. Patebulo panatsala laputopu basi.

Mlamuyo, mng'ono wa malemu, ankagulitsa makava a mafoni, ndipo kwa iye zimenezo zinali zokwanira kudzitcha katswiri. Kumbali anthu ankamutchula kuti a Ndikudziwa. Atangotsegula laputopuyo anafuna zigoli za mpira, laputopu inakana. Anayesa tsamba la mavidiyo, inakana. Anayesa lobetchera, akubisa ndi chigongono kuti amayi ake asaone, inakananso.

"Si kachilombo, alamu," anatero mayiyo. "Anatseka dala akulu anu."

"Munthu n'kudzitsekera yekha? Alamu, izi si za choko ndi bolodi ayi."

Msuweni wa jekete uja anaseka. Mayiyo anali mphunzitsi wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pantchito, koma m'banja limeneli uphunzitsi unkaoneka ngati kulera ana a eni.

M'laputopumo munali ntchito yonse ya malemu: pulogalamu yokonza ndandanda ya maphunziro pasukulu, kuti mphunzitsi uyu alowe kalasi iti, ola liti. Ankaipereka ulere, ndipo masukulu angapo ankaidalira. Kuipukuta laputopuyo kunali kutaya zaka zisanu ndi chimodzi.

Koma mayiyo sankaikonda laputopuyo, tisanamizane. Ndandanda ankaidziwa ndi iyeyo. Pulogalamu ikatulutsa zopusa, ndi iye ankakhala ndi pensulo n'kumaonetsa mwamuna wake pamene paphonyeka. Koma ahedi akamaimba foni ankathokoza bambo, ndipo bambowo ankangoti, "Zikomo, zikomo," mano onse panja. Dzina la mayiyo silinatchulidwepo.

Nanga ntchito yakeyo mwamunayo ankaigwira bwanji? Anatha milungu itatu akufananitsa mapulogalamu oletsa munthu kutaya nthawi pa intaneti. Milungu itatu yathunthu, kuti asataye nthawi. Ina akuti imatsekeratu tsamba mpaka kalekale, ina imatseka pa maola amene waiuza, ina ndi yosavuta kuizemba. Anajambula mizere papepala n'kumata pakhoma, pepala lake lidakalipo. Atamaliza zimenezo anatha mwezi wina akusankha chosungira mbiri ya ntchito yake, chimene chimalemba amene wasintha chinthu, tsiku lake, ndi chifukwa chake. Mapulogalamu ake anali awiri, Git ndi Fossil, ndipo pomaliza anasankha Fossil.

"Git ndi yamphamvu, ndipo aliyense ali pomwepo," ankatero pa nthawi ya chakudya, mbale ikuzizira. "Koma imakulola kukonza mbiri kuti uoneke wanzeru. Fossil imasunga ndi zolakwa zako zomwe. Ukasintha, imalembanso kuti wasintha."

"Ndiye mpopi wa kubafa mudzaukonza ndi iti mwa ziwirizo?" ankafunsa mayiyo.

Mpopiwo unali ukudonthabe mpaka lero.

Amalume a malemu, amene ankatsogolera zogawanazo, anakhosomola. Anali munthu wosachedwa kutopa ndi zokangana.

"Tisatalikitse," anatero. "Chinthu chipite kwa amene ali ndi ntchito nacho. Mayi, m'menemu muli chanu?"

"Chawo chingakhalemo chiyani, amalume?" a Ndikudziwa analanda mawu. "Mwina zithunzi. Ndiwaikira pa foni."

"Mwana wanga ankagwira yekha ntchito imeneyi," anawonjezera apongozi a mayiyo, akuyang'ana kukhoma. "Ena ankangomunyogodola."

Mawu amenewo anamubaya mayiyo, chifukwa theka lake linali loona. Anaimirira, nakokera laputopu kwa iye. Sankadziwa kuti akufuna chiyani. Ankangodziwa kuti sangasiye zaka zisanu ndi chimodzi za pensulo yake m'manja mwa munthu wobaya mabatani ndi chala chimodzi. Pakona pa sikirini panali kachizindikiro kamene mwamuna wake anamuonetsa kangapo konse, iye akuchonga makope osamvetsera. Anakadina.

Panatuluka mndandanda wautali. Mzere uliwonse unali ndi tsiku, dzina la wosintha, ndi mawu ochepa ofotokoza.

Amalume anavala magalasi n'kuwerama. Anawerenga mokweza, mwapang'onopang'ono, ngati kalata ya boma.

"'Mphunzitsi wa sayansi sangachoke kulabu n'kufika kalasi ya kumapeto m'mphindi imodzi. Anena ndi mayi. Akunena zoona.'" Anatsitsa chala. "'Masamu asaikidwe ola lomaliza Lachisanu. Nzeru ya mayi.' Winawu ukuti, 'Ndinakana Lolemba, ndinalakwa ine. Ndabwezeretsa za mayi.'"

Anasiya kuwerenga, nayang'ana pa malo a dzina. Kenaka anayang'ana mayiyo pamwamba pa magalasi.

"Dzina ili si lanu, mayi?"

Linali lake, lonse, monga limalembedwera pa kaundula wa kusukulu. Mayiyo anatsitsa mndandandawo. Dzina lake, dzina lake, la malemu, dzina lake. Chaka chatha, chaka chinacho, mpaka mmbuyo. Anali asanakhudzepo laputopuyo ngakhale tsiku limodzi, koma chilichonse chimene anakonza ndi pensulo, mwamunayo ankachilowetsa m'dzina la mwini wake. Dzina la malemu linkapezeka kwambiri pa mizere ya zolakwa.

Mayiyo anakwiya. Zaka zonsezi munthuyu anali ndi pakamwa, ankatha kulankhula za Git mpaka chakudya kuzizira, koma mawu awa anakawauza makina.

"Izi zimasinthika," anatero a Ndikudziwa. "Aliyense akhoza kulembapo dzina. Ndikudziwa ine."

"Sinthani, alamu," anatero mayiyo, akumukankhira laputopu. "Ilembanso kuti mwasintha ndi inu, tsiku lake ndi ola lake. Akulu anu anatha mwezi akusankha imeneyi."

Anadabwa kumva mawu a mwamuna wake akutuluka pakamwa pake. Kani ankamva ndithu.

A Ndikudziwa anayang'ana mabatani, nayang'ana amalume, kenaka anatulutsa foni yake n'kuyamba kuipukuta ndi malaya.

"Nkhani yatha," anatero amalume, akuvula magalasi. "Sitigawa katundu wa munthu wamoyo."

Apongozi potuluka anaima pa pepala lija la pakhoma, nasalaza ndi chala pakona pamene linamatuka. Msuweni anatuluka ndi jekete lake. Pakhomo a Ndikudziwa ankamveka akufotokozera munthu wina kuti laputopu zamtundu umenewu sizichedwa kufa.

Mayiyo anatsala yekha patebulo. Kubafa mpopi unkadontha. Anapitiriza kuwerenga mizere ija, wina ndi wina, akupeza mikangano imene anaiiwala kalekale, yonse yosungidwa ndi masiku ake. Anali pakati pa mzere wina pamene wotchi ya pakhoma inakwana faifi koloko, ndipo mndandanda wonse unazimiririka.

Pulogalamu yotseka ija inali itagwira ntchito yake. Sinkatseka mpira wokha. Pa ola limeneli inkatseka chilichonse, ndi ntchito yomwe. Panatsala tsamba loyera, ndi mawu amene malemu anadzilembera yekha:

"Afika tsopano. Tseka. Uwafunse mmene tsiku layendera, ndipo umvetsere, iwe."

Mayiyo anakumbukira. Tsiku lililonse akamalowa ndi chikwama cha makope, ankamupeza atatseka kale laputopu, atatembenuza mpando kuyang'ana kukhomo. "Kusukulu kwayenda bwanji, mayi?" Funso lomwelo, ola lomwelo. Iye ankayankha kuti, "Bwino," n'kupitirira kuchipinda. Ankawauza anzake kuti mwamuna wake amapereka moni ngati alamu ya foni.

Mayiyo sanalakwitse kwenikweni. Munthuyo ankadzidziwa kuti ndi woiwala, woti tsamba limodzi likhoza kumumeza mpaka mdima, ndiye anatha milungu itatu akufunafuna chomukoka khutu pa faifi koloko.

Anawerenganso mawuwo. Kenaka anatseka laputopu pang'onopang'ono, natembenukira kumpando wopanda munthu uja.

"Tsiku silinayende bwino, bambo," anatero. "Khalani pansi ndikuuzeni."